Miphika Iwiri M'nyumba ya a Telala

Amene anawalakwira a Telala si munthu wa kutali ayi. Ndi mwana wawo wamkazi, wobereka okha, ndipo anachita zimenezi chaka chimene amayi ake anagwa ali pa mpopi akuchapa. Amayiwo atatuluka m'chipatala, mwanayo anawatenga n'kupita nawo kunyumba kwake, atalonjeza pamaso pa anthu kuti adzawabweza. Anthu a mumsewu umenewo amamutama mwanayo kuti amasamala makolo. Anthu amaona galimoto ikaima pakhomo, saona chimene yanyamula pochoka.

A Telala ankasokera m'chipinda cha kutsogolo kwa nyumba yawo, chimene chitseko chake chimayang'ana kumsewu. Munali makina akale opalasa ndi phazi, tebulo lodulirapo nsalu, simbi yositira ndi benchi yokhalapo makasitomala. Kuseri kwa khoma la kumanzere kunali mnzawo wometa tsitsi, bambo wadazi, wa pakamwa posapuma. Kuseri kwa khoma la kumbuyo kunali khitchini, ndipo m'khitchinimo munali akazi awo.

Dzuwa likafika paliwombo, amayiwo ankatulukira ndi mbale imodzi yaikulu ndi masupuni awiri. A Telala ankakankhira nsalu ndi sizasi kumapeto kwa tebulo, awiriwo n'kukhala moyang'anizana. Anayamba kudyera mbale imodzi atangokwatirana, pamene mbale m'nyumbamo inalidi imodzi. Kenako kabati inadzaza ndi mbale, koma iwo sanaone chifukwa chosinthira. Amayiwo ankakankhira nyama ya mafuta mbali ya amuna awo. A Telala ankakankhira mpunga wopserera wa pansi pa mphika mbali ya akazi awo, poti ndi umene ankaukonda. Za sukulu ya mwana, za denga lodontha, za kasitomala amene wabweretsa nsalu yochepa n'kumafuna suti, zonse zinkakambidwa pa mbale imeneyo. Akayambana, mmodzi ankadya atayang'ana kumbali, koma mbale inali yomweyo.

Ndiye m'mawa wina a Telala anaona mabowo awiri pa singano imodzi. Analowetsa ulusi pa bowo limene panalibe. Poimirira chipinda chinazungulira, ndipo anagwira makina kuti asagwe. Wometa ndi amene anathamangitsa nkhaniyo kwa mwana, pafoni.

Mwanayo amagwira ntchito pa kauntala m'sitolo yogulitsa mankhwala. Za udokotala sanaphunzire. Amawerenga timapepala ta m'mabokosi a mankhwala ndi zimene anthu amatumizirana pafoni, basi. Koma wometa anamupatsa dzina loti a Dokotala, ndipo iye sanalikane. Tsiku lomwelo anawakweza bambo ake m'galimoto ya mwamuna wake, ulendo wa kuchipatala.

Namwino anawamanga lamba pamkono, anawabaya chala, anawaimika pa sikelo.

"Bambo, magazi anu akuthamanga kwambiri," anatero namwinoyo. "Matenda a shuga sanalowe, koma ali pakhomo, akugogoda. Mchere muchepetse. Shuga wa m'tiyi musiye. Zokazinga musiye, muzidya zowiritsa, ndipo masamba azidzaza theka la mbale. M'mawa uliwonse muziyenda mpaka kathukuta katuluke. Mimba iyi itsike."

"Mimba imeneyi sindinaitole pamsewu, mayi. Ndinaigwirira ntchito."

"Ndiye muigwirirenso ntchito kuti ichoke."

Namwinoyo anathera pomwepo. Za miphika iwiri sananene. Zimenezo zinachokera m'mutu mwa a Dokotala, amene atafika kunyumba anaima pakati pa khitchini, chikwama chili paphewa.

"Amayi, kuyambira lero miphika ikhale iwiri. Wa bambo wopanda mchere, wopanda mafuta. Wanu muziphika monga mwa kale, inu simukudwala. Koma musamadyere pamodzi. Ndimawadziwa bambo, supuni yawo ndi yaitali. Iwo azidyera kutsogoloko, inu kuno. Ndipo zotsala musamasunge, angazipeze."

"Nanga mbale yathu ija?" anafunsa amayi ake.

"Ikhale pamwamba pa kabati. Mukufuna mbale kapena mukufuna mwamuna wamoyo?"

Funso lotero munthu ungaliyankhe bwanji? Amayiwo anakwera pa mpando n'kuika mbale pamwamba pa kabati.

Kuyambira pamenepo a Telala ankalandira kambale kawokawo: nyemba zowiritsa, kabichi wowiritsa, nthawi zina nsomba yotumbuluka ngati inafa ndi mantha. Chakudya chonse chinkakoma ngati nsalu yonyowa. Amayiwo ankachiika patebulo n'kubwerera msanga, chifukwa zovala zawo zinkanunkhira anyezi wokazinga ndipo sankafuna kuwazunza amuna awo. A Telala ankadya akumvetsera kukhoma. Kuseriko supuni inkagunda mbale mofulumira, ngati ya munthu amene akuba m'nyumba mwake momwe. Chimene chinkawawawa si mchere. Mchere munthu amauiwala. Chinkawawawa n'chakuti kasitomala akabwera ndi nkhani yoseketsa m'mawa, pofika masana analibe woti amuuze.

Tsiku lina ananyamula kambale kawo n'kukagogoda pa chitseko cha khitchini.

"Ndani?"

"Kasitomala."

"Tatseka."

"Tsegulani, amayi. Ndingokhala pa mpando apo, ndidye zangazi. M'mbale mwanu sindiyang'anamo."

"Mwana ananena."

"Mwana ali kuntchito."

A Telala anamva kupuma kwa akazi awo pafupi penipeni ndi thabwa la chitseko.

"Abambo, mukadzagwa chifukwa cha ine, ndidzamuuza chiyani? Pitani. Ndibwera kudzatenga mbale."

Anabwerera. Nyemba zinali zitazizira.

Chimene mwanayo sanachiganizire ndi dzanja la amayi ake. Mutu unamva lamulo, koma dzanja linali litazolowera kuyeza za anthu awiri, ndipo mmodzi wa awiriwo anali wodya kwambiri. Likatapa mpunga linkatapa wa awiri. Likadula nyama linkadula ya awiri. Kutaya chakudya amayiwo sakanatha, anakulira m'nyumba imene mwana ankamenyedwa chifukwa cha nyemba imodzi yogwa pansi. Kusunga analetsedwa. Ndiye ankadya zonse, ataimirira, chitseko chili chotseka.

Diso la telala sungalinamize. Patapita miyezi a Telala anaona kuti zipi ya diresi lobiriwira yayamba kuvutika pamsana, ndipo nsalu ya m'khwapa ikukoka. Madiresi onse a amayiwo anasoka ndi iwowo, kuyambira la ukwati, ndipo monga atelala akale onse, ankasiya nsalu yambiri mkati mwa msoko. Tsiku limene amayiwo anapita kumsika, a Telala anatenga diresilo m'kabati ya zovala. Anamasula misoko ya m'mbali, anasokanso chakunja pang'ono, anasita, n'kulibwezera pamalo pake. Sabata yotsatira anatenga lamaluwa. Kenako la kutchalitchi.

"Madiresi anuwa ndi abwino, abambo," anatero amayiwo tsiku lina akuika kambale patebulo. "Anzanga onse akudandaula kuti zovala zikuwathina. Ine ayi."

"Ndi nsalu zakale zimenezo. Zimamudziwa mwini wake."

Amayiwo anaseka n'kuchedwako pang'ono pakhomo la khitchini asanalowe. Kabichi wa tsiku limenelo a Telala anamumaliza yense.

Wina anganene kuti akanalankhula. Alankhule chiyani? M'masiku awo mkazi akanenepa anthu ankayamikira mwamuna. Namwino anayeza mimba ya a Telala, osati ya akazi awo. Mwana akabwera ankatulutsa kamakina koyezera magazi n'kumanga mkono wa bambo ake, amayi ake ali pambali akumuthirira tiyi. Ndiponso m'nyumba ya miphika iwiri ija, ntchito ya madiresiyo ndi yokha imene inatsala ya awiriwo. A Telala akaika diresi pamiyendo, likununkhira sopo ndi utsi wa kukhitchini, ankakhala nalo nthawi yaitali kuposa imene msoko umafuna.

Lobiriwira lija analikulitsa, analikulitsanso, mpaka nsalu ya mkati inatsala pang'ono kutha.

Amayiwo anagwa m'mawa, thovu la sopo lili m'manja. A Telala ndi wometa anawanyamula, ndipo ndi tsiku lokhalo limene wometa anasowa chonena. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mkono ndi mwendo wa kumanja zinafooka, pakamwa panapotoka, mawu ankatuluka amodziamodzi. Dokotala weniweni anati magazi awo akhala akuthamanga nthawi yaitali popanda wodziwa, ndipo thupi linakula mopitirira.

Mwana anabwera kunyumba kudzatenga zovala zoti amayi ake asinthire. Mwamuna wake, mkamwini wa a Telala, anatsala pakhomo akucheza ndi wometa. Popinda diresi lobiriwira mwanayo analitembenuza, ndipo anaima. Analowa nalo m'chipinda chosokera.

"Bambo, ichi n'chiyani?"

"Msoko."

"Ndikuona kuti ndi msoko. Nanga mizere ya timabowo iyi? Uwu, uwu, ndi uwu?"

Mwanayo anabwerera kukatenga madiresi ena, n'kumawatembenuza limodzilimodzi pa tebulo lodulira.

"Onse. Mwakulitsa onse. Diresi likamuthina munthu limakhala likumuuza kanthu, bambo. Akanadabwa, akanandiuza, ndikanawayeza. Inu munalitseka pakamwa."

"Ndipo anawatsekera m'khitchini ndani kuti azidya okha? Pa mbale imodzi gawo lalikulu ndinkadya ndine. Iwe unabwera ndi miphika yako iwiri, iwo n'kumadya za anthu awiri."

"Ndinkapulumutsa moyo wanu."

"Kamakina kako kanali m'chikwama nthawi zonse. Mkono wa amayi ako sunkauona?"

Ana a masiku ano akasowa yankho amasintha nkhani. Mwanayo anapinda madiresi, n'kunena atayang'ana pansi kuti amayi akatuluka m'chipatala akakhala kwa iye.

"Odwala awiri sangasamalirane. Inu mutsitse mimbayo, magazi abwerere m'malo mwake, namwino anene yekha kuti muli bwino. Tsiku limenelo ndidzawabweretsa ndekha."

"Nenanso, amve awa."

Ananenanso, wometa ndi mkamwini akumva.

* * *

Nyumba inakula. A Telala sankadziwa kuti zipinda zitatu zingakhale ndi malo ambiri chotero. Dzuwa likafika paliwombo dzanja lawo linkakankhira nsalu kumapeto kwa tebulo lokha, osalituma, ndipo khutu linkapita kukhoma. Ngakhale supuni yofulumira ija, imene kale inkawabaya mtima, anayamba kuilakalaka.

Palibe munthu amene anamumvera namwino ngati mmene anachitira a Telala kuyambira pamenepo. Sikuti ankakhulupirira. Anthu a kuchipatala chaka chino amati mazira ndi oipa, chaka cha mawa amati ndi abwino. Koma anali atauzidwa kuti khomo ndi limenelo, ndipo lina panalibe.

Kukangoyera ankavala nsapato n'kutuluka. Ankadutsa pa siteji ya mabasi, kutsata mpanda wa sukulu, kuwoloka mlatho, n'kubwerera njira ya kuseri kuti asadutse kwa ophika buledi, kumene fungo la buledi wotentha limamugwira munthu pakolala. Masiku oyamba ankabwerera akupuma ngati mvukuto, wometa ali pakhomo akusesa tsitsi la dzulo.

"Mukuthamangitsa ndani m'mawa uno, achimwene?"

"Mimba."

"Nanga iyo ili kutsogolo, inu pambuyo, mudzaipeza liti?"

"Sesa tsitsilo iwe, mwina upezamo lako linathawa lija."

Anaphunzira kuphika, munthu amene kale sankadziwa pamene machesi amakhala. Namwino anawauza kuti pamene pachoka mchere pazilowa mandimu, adyo, tomato ndi anyezi, ndipo iwo anayesa zonsezo. Ankaphika dala za anthu awiri, poyeserera tsiku limene akazi awo adzabwere, ndipo gawo linalo ankapatsa wometa kuti alawe.

"Bwanji?"

"Chili ngati ulaliki wautali," anatero wometa akutafuna. "Ukudziwa kuti ndi wothandiza, koma maso ali kuchitseko."

Patapita nthawi wometa anasiya kunyoza n'kuyamba kubwera ndi supuni yake. Nthawi zina ankabwera ndi chipisi cha m'pepala, n'kumadya atakhala pa benchi, kuwayesa. A Telala ankangoyang'ana kamodzi n'kupitiriza kupalasa makina. Anachepetsa mabuluku awo onse, kenako anawachepetsanso. Anaboola lamba mabowo atsopano ndi msomali. Anakhomera paipi kukhoma, kuchokera kuchipinda chogona mpaka kubafa, yoti munthu wofooka mwendo azigwira poyenda, ndipo anaiyesa okha, akukoka mwendo umodzi, kuti aone ngati ili pa msinkhu woyenera.

Lamlungu lililonse ankakwera basi kupita kwa mwana. Mwanayo amakhala kutsidya kwa tawuni, m'nyumba zosanjikizana, pamwamba penipeni. Poyamba a Telala ankapuma paliponse pamene masitepe akhota, atagwira chitsulo. Akazi awo ankawapeza m'kachipinda ka kumapeto, pa mpando wa pawindo, atavala diresi logula m'sitolo, lotakasuka ngati thumba. Chakudya chawo chinali ndi nthawi yake ndi mbale yake ya pulasitiki yogawa zipinda, apa masamba, apa nsomba, apa kampunga. Mwana ankawadyetsa yekha bambo ake asanafike. A Telala ankadyera patebulo la pabalaza ndi mkamwini, munthu wabwino, koma amene mawu ake onse amamusungira ndi mkazi wake.

Lamlungu lina, mwana ali kukhitchini, amayiwo anawayang'ana amuna awo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwa... onda."

"Ndikukongola. Atsikana a mumsewu akuvutika."

Mbali ya kumanzere ya pakamwa inaseka. Kenako amayiwo anakoka nsalu ya diresi logula lija ndi dzanja lamoyolo.

"Ili... silindidziwa."

"Anasoka ndi anthu a kufakitale. Sanakuonenipo."

"Madiresi aja... ndinkadziwa."

"Munkadziwa chiyani?"

"Fungo... la simbi. Ndikachoka... kumsika."

A Telala anayang'ana pawindo. Pansi patali anthu ankaoneka ngati mabatani otayika.

"Ndiye osanena bwanji?"

"Mukanasiya."

A Telala anaika dzanja lawo pa dzanja lofooka lija n'kulisiya pomwepo, mpaka mwana analowa ndi mapiritsi ndi kapu ya madzi n'kunena kuti amayi akufunika kupuma. Ali m'basi pobwerera, a Telala anapitirira siteji yawo osadziwa.

* * *

Nyengo yozizira itatha a Telala anapita kwa namwino uja. Anawamanga mkono, anawabaya chala, anawaimika pa sikelo, kenako anawayang'ana kumaso ngati akuona munthu wina.

"Ndinu omwe aja a mimba yoigwirira ntchito?"

"Ndine."

"Magazi ali bwino, bambo. Shuga wachoka pakhomo. Mapiritsi musasiye, kuyenda musasiye. Anthu onse akanakhala omvera chonchi, bwenzi ife tikuwodzera pantchito."

"Muimbireni mwana wanga mumuuze. Ndikanena ine adzati ndikunama."

Namwino anaimbadi foni a Telala ali pomwepo, akumva ndi makutu awo.

Loweruka anakolopa nyumba yonse, anayanika matiresi padzuwa, anachapa makatani. Lamlungu m'mawa anaphika mpunga, nkhuku yochotsa khungu, ndi masamba othira mandimu ndi adyo. Anakulunga mphika ndi nsalu n'kuuika pamiyendo m'basi. Ankaganiza kuti adye kaye limodzi kumeneko, kenako mkamwini awatenge onse awiri pa galimoto. Masitepe anakwera osapuma paliponse.

Mwana anatsegula chitseko n'kuwagwira mapewa onse awiri, misozi ili m'maso.

"Bambo, namwino wandiuza. Ndasangalala kwambiri. Taonani mmene mukuonekera, ngati mnyamata."

"Zikomo. Katundu wa amayi ako wamanga?"

Mwanayo analandira mphika n'kupita nawo kukhitchini. A Telala anamutsatira. Pabalaza mkamwini anatsitsa mawu a wailesi yakanema.

"Khalani pansi kaye, bambo."

"Ndakhala m'basi."

Mwanayo anavundukula mphika, anatapa pang'ono ndi supuni n'kulawa.

"Mwaphika nokha? Mulibe mchere, mafuta ndi ochepa. Mwakhoza." Anaika supuni pansi. "Bambo, tandimvereni bwinobwino. Inu mwachira liti? Mutatsala nokha. Magazi a amayi atsika liti? Ali kuno. Pamene munali pamodzi nonse munkadwala, wina akubisira mnzake. Ndikakubwezerani pamodzi lero, mwezi sutha mwayamba kumverana chisoni. Kasupuni ka shuga apa, kanyama apo. Ndimakudziwani."

"Unanena kuti ndikachira udzawabweretsa."

"Ndinanena pamene ndinkaopa kuti nanunso mugwa. Tsopano ndaona kuti mukutha kudzisamala nokha. Amayi sangathe."

"Ndiwasamala ine. Ndakhoma paipi. Ndikuphika."

"Akagwa m'bafa muwanyamula ndi msana umenewo?"

"Unanena pamaso pa anthu."

Mkamwini anatsokomola ali pabalaza. "Komatu mayi, paja tinanenadi kuti..." Mkazi wake anatembenuka n'kumuyang'ana, ndipo iye anakumbukira kuti tayala la galimoto likufunika mpweya. Anatenga makiyi n'kutuluka.

Pamenepo kunamveka phazi likukwekwereza m'kanjira ka kuchipinda. Amayiwo anali atadzuka okha pa mpando, akubwera atatsamira khoma, ndodo ili m'dzanja lamanzere. Kumutu anali atamanga mpango, mopendekera, mmene dzanja limodzi lingamangire.

"Nsapato... zanga."

"Amayi, mwadzuka bwanji nokha? Mukanagwa." Mwanayo anathamanga n'kuwagwira m'chiuno.

"Nsapato. Ndikupita... kwathu."

"Kwanu ndi kuno, amayi. Tiyeni mukakhale pansi. Tidzaona mwezi wa mawa, dokotala akadzakuonani."

"Wamva zimene anena," anatero a Telala. "Wamva ndi makutu ako."

"Ndamva, bambo. Dzulo amafunanso tiyi wa shuga. Ndiwapatse?"

Anawatembenuza amayi ake pang'onopang'ono. Amayiwo anapotoza khosi kuyang'ana amuna awo, ndipo anayang'anabe mpaka chitseko cha kachipinda chinawabisa. A Telala anaima pakati pa khitchini ya mwana wawo, manja ali lende. Akanatha kukuwa. Akanatha kukankha chitsekocho. Koma masitepe aja munthu wa mwendo umodzi sangatsike popanda anthu awiri omugwira, ndipo galimoto si yawo.

Mwana atabwerera anatenga mphika uja n'kugawa pawiri. Gawo lina anaika m'mbale n'kuwaikira bambo ake patebulo. Linalo anathira m'kontena n'kutseka.

"Amayi adya kale, nthawi yawo inakwana. Izi ndiwatenthetsera madzulo. Ndiwauza kuti mwaphika ndinu, asangalala."

A Telala sanakhale pansi. Anatenga mphika wopanda kanthu, wosatsuka, anaukulunga ndi nsalu n'kutsika masitepe. Pansi anapeza mkamwini atagwada pafupi ndi tayala lodzaza bwinobwino.

"Ndikuperekezeni pa galimoto, bambo?"

"Ndiyenda. Ndinauzidwa kuti kuyenda n'kwabwino."

Anayendadi wapansi, kudutsa tawuni yonse, mphika uli m'khwapa. Wometa anawaona akubwera okha, ndipo analowa m'chipinda chake chometera osafunsa.

Mwezi wa mawa uja unafika, unapita, unabwera wina. A Telala akuyendabe m'mawa uliwonse, ndipo Lamlungu amakwera basi. Akazi awo akadali m'kachipinda ka pamwamba kaja. Mwana sanawabweze.